Mawu a m'mawa kwa odwala shuga m'mwezi wa Ramadhani

Assalamu alaikum abale ndi alongo anga, mwadzuka bwanji?

Tikudya daku, chakudya chomaliza tisanamange (tisanayambe kusala kudya), m'bandakucha uno, koma mtima wanga uli pa inu amene mumabaya jakisoni wa insulin. Chaka chatha ndinaona bambo wina wachikulire atatsamira khoma la msikiti itangotha swala ya Asr, thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera, mawu akutuluka mosokonekera. Titawabweretsera madzi a shuga anapukusa mutu: "Dzuwa lapendeka kale, ndimasula pa Magharibi." Magharibi yake inawapeza atanyamulidwa, ali panjira ya kuchipatala.

Bambo aja ankakonda Mbuye wawo, zimenezo sindikayika. Koma mverani zimene Mbuyeyo akunena m'Surat Al-Baqarah, aya 185: Allah akukufunirani zofewa, sakukufunirani zovuta. Aya yomweyi ndi imene ikutilamula kumanga, ndipo ndi yomweyinso imene ikuuza wodwala ndi wapaulendo kuti adzabweze masiku ena. Amene matenda ake ndi okhalitsa, moti sadzatha kubweza, aya 184 yamupatsa fidya: kudyetsa wosauka mmodzi pa tsiku lililonse. Chilolezochi sanachipereke dokotala kapena shehe. Wachipereka ndi mwini Ramadhani. Ndiye tingachibweze bwanji m'manja mwake?

Insulin sadziwa kuti mwamanga. Mukabaya mlingo womwe mumabaya masiku odya katatu, iye amangotsitsabe shuga, m'mimba mulibe kanthu kwa maola oposa 12. Ena poopa zimenezi amangosiyiratu jakisoni, ndipo kumeneko ndiye kuthawa mvula n'kugwera m'dziwe, makamaka kwa odwala shuga wa mtundu woyamba: shuga amakwera, magazi amawonongeka, munthu n'kukomoka. Madzulo pa futari, chakudya chomasulira, tibwerenso ndi mandasi, zitumbuwa ndi zakumwa zotsekemera zonse nthawi imodzi, thupi lizunzike kawiri. Kusintha mlingo ndi nthawi yobayira ndi ntchito ya a chipatala. Akanena kuti chaka chino musamange, amvereni.

Kudzibaya chala poyeza shuga sikumasula swaumu (kumanga kwanu), choncho yezani kangapo patsiku, osadikira kuti mumve chizungulire. Mashehe ambiri amanenanso kuti jakisoni wa insulin samasula, poti si chakudya. Kamakina koyezera shuga kakaonetsa pansi pa 3.9, kapena pansi pa 70 ngati kanu kamawerenga manambala akuluakulu, masulani pomwepo ngakhale kutatsala mphindi khumi kuti adhana (kuitanira swala) ya Magharibi imveke. Chimodzimodzinso shuga akadutsa 16.6, amene ndi 300 pa makina enawo. Tende zitatu kapena maswiti asamachoke m'thumba, kuti zikuthandizeni shuga akatsika.

Ndipo ife amene Allah watipatsa thanzi, tisamale maso athu ndi pakamwa pathu. Ambiri amaumirira kumanga chifukwa choopa ife, kuopa kunenedwa kuti iman (chikhulupiriro) yawo yachepa. Mukaona mayi akumwa phala masana kuseri kwa nyumba, musamufunse. Simukudziwa zimene thupi lake likulimbana nazo.

Ya Allah, Inu ndinu Wochiritsa. Chiritsani odwala athu, ndipo landirani kwa womanga ndi kwa amene wamasula pomvera chilolezo chanu. Amin.

Amene muli ndi kamakina, yezani tsopano adhana ya Fajr isanamveke.