Message si meseji ya pafoni yokha

Takulandiraninso. Lero tili ndi liwu limodzi lokha la Chingerezi, ili mukuliona pa sikirini: message. Ife timati meseji, ndipo tikangotero maganizo amathamangira pafoni. "Ndakutumizira meseji, sunaione?" Komatu liwuli linalipo kalekale foni isanabwere.

Angerezi analitenga ku Chifalansa chakale, ndipo muzu wake ndi mneni wa Chilatini, mittere, kutanthauza kutumiza. Pa muzu womwewo panaphuka mission, amene ife tinamusandutsa mishoni, komanso messenger. Uyu agogo athu ankamudziwa bwino: mesenjala wa kwa DC, wofika pamudzi atanyamula chisamani. Chichewa chathu chimayendanso chimodzimodzi, uthenga umabwera ndi mthenga.

Ndiye tanthauzo loyamba ndi uthenga basi, wolembedwa kapena wapakamwa. Mukaimba ku ofesi n'kupeza abwana atuluka, amene wayankhayo amafunsa kuti, "Can I take a message?" Sakufuna foni yanu ayi, akuti muwasiyire mawu oti akawauze. M ya mu SMS ndi message yemweyu. SMS yoyamba inatumizidwa pa 3 Disembala 1992 ku Britain, pamene injiniya wina dzina lake Neil Papworth analemba pa kompyuta kuti "Merry Christmas" n'kutumiza ku foni ya pa netiweki ya kampani ya Vodafone. Masiku ano liwuli lasandukanso mneni. Munthu akati "message me", akuti mundilembere pa WhatsApp kapena paliponse.

Pamene pali nkhani ndi apa: get the message. Tiyerekeze mwapita kukacheza kwa alamu anu. Nsima mwadya, tiyi mwamwa, mdima wagwa. Alamu ayamba kuyasamula. Kenako akufunsani kuti, "Kodi maminibasi a kwanu amasiya kuyenda nthawi yanji?" Mukadzuka n'kutsanzika, Mngerezi anena kuti, "He got the message." Palibe amene wakutumizirani kanthu, palibe amene wanena kuti dzipitani, koma mwamva. Ine mawu amenewa ndimawakonda chifukwa amatikhala bwino ife anthu olankhula mozungulira. Koma samalani nawo. Munthu akakuuzani mokweza kuti "I get the message!", ndiye kuti mwamutopetsa, akuti wamva kale, musabwerezenso.

Send a message nayenso ali ndi nkhope ziwiri. Woweruza milandu akapereka chilango chokhwima n'kunena kuti akufuna "to send a message", palibe envulopu imene ikupita kwa munthu. Akuchenjeza ena onse amene ali ndi maganizo omwewo. Ulaliki kapena sewero nalonso limakhala ndi message yake, phunziro limene munthu amapita nalo kwawo. Kungoti musamasulire chilichonse mwachimbulimbuli. Uthenga Wabwino pa Chingerezi si "good message", ndi Gospel kapena Good News.

Tsopano ndiulule changa. Nditangoyamba kumene ntchito, abwana anga, mayi aulemu wawo, anandilembera zosintha tsiku la msonkhano. Ine pofuna kuonetsa khalidwe ndinayankha kuti, "Thank you for the massage, madam." Ndinaika a pamalo pa e. Massage ndi kusisita thupi, kuja amachita munthu akamamva msana. Mayiwo sananene kanthu, koma mnzanga amene ndinamuonetsa meseji ija anaseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo dzina la Masaji ndinakhala nalo chaka chathunthu.

Tamverani kusiyana kwake. Message mumatsindika koyambirira, MEsij, kumapetoko n'kwachidule. Massage amakoka kumapeto, masaazh, ndipo Aamereka amatsindikanso komweko. Tiyeni titchulire limodzi, pang'onopang'ono. Message. Massage. Kachiwiri, message.