Mawu a m'mawa: Anafika kwa Yesu atanyamulidwa

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo kuno ku Joni. Tiwerenge Marko 2:1-12. Munthu wofa ziwalo uja sakanatha kuyenda yekha kupita kumene kunali Yesu. Anthu anayi anamunyamula pamphasa, ndipo atapeza pakhomo padzaza, anasasula denga n'kumutsitsira pansi. Vesi 5 likuti Yesu anaona chikhulupiriro chawo, osati cha wodwala yekhayo.

Mawuwa ndi a inu amene mowa wakumangani. Mwalumbira kangapo, Lamlungu mwapemphereredwa, koma Lachisanu ndalama ikangolowa, mapazi amakutengerani okha ku tavern. Sikuti pemphero lalephera ayi. Mukulimbana nawo nokha m'chipinda cha lendi, kutali ndi amalume ndi ankhoswe amene kumudzi akanakukhazikani pansi. Mufunika okunyamulani, ndipo odziwa kunyamula bwino ndi amene nawonso ananyamulidwapo.

Gulu la Alcoholics Anonymous, lodziwika kuti AA, linayamba mu 1935 ku Akron ku America, pamene Bill Wilson ndi Dr Bob Smith, onse ogwidwa ndi mowa, anaona kuti kuuzana zoona kumawathandiza kuti asamwe. Kuno ku South Africa linafika mu 1946. Imbani 0861 435 722, tchulani dera limene mukukhala, kaya Yeoville, Turffontein, Randburg kapena Soweto, akuuzeni msonkhano wapafupi. Mndandanda wa masiku ndi malo uli pa intaneti, ndipo misonkhano ina imachitika pa Zoom. Umene walembedwa kuti open aliyense angalowe, ngakhale mkazi wanu kapena mnzanu wokuperekezani. Wa closed ndi wa okhawo ofuna kusiya mowa.

Ambiri a ife timaopa pakhomo. Pamenepo safunsa pasipoti, permit kapena ndalama yolowera. Mumatchula dzina loyamba lokha, ndipo zolankhulidwa m'menemo siziyenera kutuluka. Kambale kakamadutsa ndi ka lendi ya holo ndi tiyi, ngati mulibe ingokapatsirani wina. Msonkhano umatenga ola limodzi kapena ola ndi theka. Yambiri imachitika m'Chingerezi, koma palibe wokukakamizani kulankhula, mungathe kungomvetsera. Ngakhale nthawi zambiri amakumana m'maholo a matchalitchi, AA si mpingo. Sakuchotsani ku mpingo wanu, ndipo m'bale wachisilamu wa ku Mayfair ndi wolandiridwa chimodzimodzi.

Fikani mphindi 10 nthawi isanakwane, muuze wolandira alendo kuti n'koyamba. Musachoke musanatenge manambala a foni a anthu awiri kapena atatu. Nambalayo imbani chilakolako chikangoyamba, botolo lisanatsegulidwe, osati mutamwa kale. Pakapita masabata angapo, pemphani munthu amene wakhalitsa osamwa akhale sponsor wanu, woyenda nanu m'masitepe 12 osiyira mowa a gululi. Mwambo wake ndi wakuti bambo asankhe bambo, mayi asankhe mayi. Ganiziraninso za mayendedwe, chifukwa matakisi amachepa usiku. Sankhani msonkhano wapafupi kapena wa masana Loweruka, apo ayi funsani amene angakusiyeni panjira.

Chenjezo ili musalidumphe. Ngati mwakhala mukumwa kwambiri tsiku ndi tsiku, kusiya mwadzidzidzi kungathe kupha. Kunjenjemera, thukuta ndi nseru zimayamba pakati pa maola 6 ndi 24 kuchokera pamene munamwa komaliza. Ena amagwa ngati akhunyu m'masiku awiri oyamba, ndipo tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amasokonezeka mutu n'kumaona zinthu zoti palibe. Izi si ziwanda, ndi ubongo umene unazolowera mowa. AA sipereka mankhwala. Yambani mwapita ku kiliniki mukanene zoona za kuchuluka kwa mowa umene mumamwa. Zikavuta imbani 112 pafoni ya m'manja, pakuti malamulo a dziko lino salola kuti munthu aliyense akanizidwe chithandizo changozi. A SANCA, bungwe lothandiza ogwidwa ndi mowa ndi mankhwala osokoneza bongo, nawo amathandiza ndi uphungu.

Anthu amagwa pati? Ena amapita kamodzi, n'kumva nkhani ya munthu amene anagonapo mumsewu, n'kunena kuti "ine sindinafike pamenepo." Mverani zimene mukufanana naye: kubisa mabotolo, kunamiza kumudzi kuti abwana sanalipire, mantha a m'mawa. Gulu limodzi likapanda kukukomerani yesani lina, musaweruze ndi msonkhano umodzi. Ena amasiya kupita thupi likangobwerera, pamene ndi nthawi imene maganizo akuti "kamodzi kokha" amabwera. Njala, mkwiyo, kusungulumwa ndi kutopa n'zimene zimatsegula khomo, choncho Lachisanu idyani musanachoke kuntchito, ndalama ya kumudzi itumizeni tsiku lomwelo, ndipo sinthani njira yodutsa pa tavern. Lonjezo likhale la maola 24 okha, mawa mudzalonjezanso. Mukagwa, pitani ku msonkhano wotsatira mukanene. Sakuthamangitsani.

Ambuye Yesu, patsani m'bale ndi mlongo wathu mphamvu yoimba foni lero, ndipo mutipatse ife mtima wowaperekeza. Amen.

Amayi, abambo kapena ana amene mukukhala ndi womwa, gulu lanu ndi Al-Anon. Mungathe kupitako ngakhale mwiniwakeyo asanavomere kusiya.