Manda opanda mtembo pakati pa msewu wa Whitehall

Moni nonse owonera. Tayang'anitsitsani chipilala ichi. Chaima pakatikati pa msewu wa Whitehall mumzinda wa London, mabasi akudutsa uku ndi uku. Pamwamba pakepo pali bokosi la maliro losemedwa pamwala, koma mulibe munthu. Dzina lake, Cenotaph, ndi la Chigiriki, kutanthauza manda opanda mtembo.

Pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse, Britain idalamula kuti asilikali ofera kunja aikidwe komweko. Tangoganizani, mwana wanu wafera ku France, inu osaona nkhope, osaponyako ndi dothi lomwe. Anamfedwa adasowa pokalirira.

Mu 1919, nduna yaikulu David Lloyd George idapempha katswiri wa mapulani a nyumba Edwin Lutyens kuti akonze chipilala cha perete wokondwerera kutha kwa nkhondoyo wa pa 19 Julayi. Nthawi idali yochepa, ndiye adangochimanga ndi matabwa ndi pulasitala, poganiza kuti mwambo ukatha achigumula. Koma anthu adakhamukirako, nkuunjika maluwa mulu. Boma lidachita kugonja, nkumanga china chokhalitsa. Chamwala wa Portland chomwe mukuonachi adachitsegulira Mfumu George V pa 11 Novembala 1920, tsiku lomwe msilikali wosadziwika dzina adaikidwa m'tchalitchi cha Westminster Abbey.

Tsono amisiri omanga, tcherani khutu apa. Chipilalachi nchotalika mamita pafupifupi 11, ndipo ngakhale chikuoneka choongoka, mizere yake njopendekera dala. Mbali zakezi zapendekera mkati pang'ono zedi, moti mutazipitiriza zingakakumane mamita pafupifupi 300 kumwambako. Mizere yopingasa nayo ndi yokhota pang'ono. Diso silizigwira izi, limangoona chinthu chokhazikika. Ine apa mpomwe ndimamuvulira chipewa Lutyens.

Mtanda palibepo, poti ofawo ena adali Asilamu, ena Ahindu, ena osapemphera. Mayina palibenso. Pangolembedwa mawu atatu, The Glorious Dead, otamanda akufa, ndi zaka 1914 ndi 1919 m'manambala a Chiroma. Zaka 1939 ndi 1945, za nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, adaziwonjezera mu 1946.

Lamulungu lachiwiri la Novembala, 11 koloko ikakwana, pamakhala zii kwa mphindi ziwiri. Kenako mfumu imaika nkhata, ndipo pakati pa otsatira pake pamakhala akazembe a mayiko a Commonwealth, wa Malawi ali pomwepo. Kuno kwathu, asilikali a King's African Rifles ali ndi chipilala chawo cha njerwa pafupi ndi Cobbe Barracks ku Zomba. Mukamadutsa, tadzaimaniko muchione.