Agogo akamaiwala: si ufiti, ndi matenda a ubongo

Zikomo amfumu, amayi ndi abambo. Matenda amene tikukamba lero achipatala amawatcha dementia, ndipo mtundu wake wofala kwambiri ndi Alzheimer's. Ubongo umafooka pang'onopang'ono kwa zaka. Mankhwala ochiziratu palibe.

Agogo akapezeka mbandakucha ali chilili pakhomo pa eni, mwina osavala, si kuti agwa pa lichero ayi. Anatuluka kukataya madzi, njira yobwerera yawasokonekera. Ndipo dziwani kuti lamulo la za ufiti la 1911 limati kuloza munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Kusokonezekaku kumakula dzuwa likapendeka. Mudzawaona akumanga kamtolo ka zitenje, amvekere, "Ndikupita kwathu, amayi akundidikira." Apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa. Mukawayankha kuti amayi anu anamwalira kalekale, kwa iwo ndi uthenga wa maliro wofika kumene, alira, mawa mubwerezanso. Ingonenani kuti, "Chabwino agogo, koma timwe kaye tiyi." Kapena apatseni lichero la nyemba azisankha. Manja akatanganidwa, ulendo uja umaiwalika.

Pachitseko mangiriranipo chitini chokhala ndi timiyala kuti akatsegula usiku mumve. Pazovala zawo sokeranipo kansalu kolembedwa dzina, mudzi ndi nambala ya foni. Parafini, machesi ndi mankhwala a chimanga zikhale pokhoma, chifukwa madzi ndi parafini sathanso kusiyanitsa. Chitsime chivundikirike.

Pakudya akhale tsonga, nsima ikhale yofewa, mbamu zing'onozing'ono. Kudyetsa munthu atagona n'koopsa: akatsamwa, chakudya chimalowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Madzi musadikire kuti apemphe, ludzu salimva bwino, ndiye muziwapatsa pafupipafupi. Kuchimbudzi aperekezeni maola 2 kapena 3 aliwonse. Amene sadzukanso, atembenuzeni maola 2 aliwonse, n'kumayang'ana m'chiuno ndi zidendene ngati khungu layamba kusintha mtundu, poti zilonda zimayambira pamenepo.

Akasokonezeka mwadzidzidzi kuposa kale, pa tsiku limodzi kapena awiri, musati ndi ukalamba. Angakhale malungo, matenda a m'chikhodzodzo kapena shuga, zomwe zili ndi mankhwala. Pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.

Amwinimbumba, ntchitoyi timakonda kuisiyira mwana wamkazi mmodzi, penanso mdzukulu mpaka kuleka sukulu. Khalani pansi mugawane masiku ogona nawo, ndipo amene ali kutauni kapena ku Joni azitumiza ya sopo ndi ya thiransipoti yopitira kuchipatala.