Munthu amene anaphunzitsa ofukula zakale kusefa matope: nkhani ya Stuart Struever ndi chigwa cha Illinois

Moni nonse, takulandiraninso. Lero tili ku America, dera la Illinois, ndipo nkhani yathu ikuyambira mu mtsinje, anthu ataima m'madzi ofika m'mawondo atagwira bafa lachitsulo lomwe pansi pake adula n'kuikapo sefa ya waya. Wina akuthira dothi m'bafamo, wina akuligwedeza uku ndi uku, dothi likutuluka pansi kupita ndi madzi, ndiye pamwamba payamba kuyandama tinthu takuda tating'onoting'ono, wachitatu n'kumatiwola ndi kasefa kakang'ono. Mukanadutsa pamenepo mukanati anthuwa asowa chochita. Koma tinthu takudato ndi mbewu zopserera zimene anthu ankadya zaka masauzande zapitazo.

[Pa sikirini: mapu a Illinois, mtsinje ukutsikira ku Mississippi]

Mwini nkhaniyi ndi Stuart Struever, anabadwa mu 1931 ku Illinois komweko ndipo anamwalira mu 2022. Anaphunzira ku University of Chicago, kenako n'kumaphunzitsa ku Northwestern University. Malo ake a ntchito anali kumunsi kwa mtsinje wa Illinois, chigawo chomaliza mtsinjewo usanathire mu Mississippi, ndipo likulu lake analiika m'katauni kakang'ono kwambiri kotchedwa Kampsville, ka anthu mahandiredi ochepa chabe.

Kuti mumvetse chomwe anasintha muyenera kudziwa kaye mmene zinkakhalira. Chigwa chimenechi chili ndi milu yambiri ya dothi yomwe anthu akale ankaikamo maliro, makamaka a chikhalidwe chomwe akatswiri amachitcha Hopewell, cha zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. M'miluyi mumapezeka zinthu zokongola zedi, mkuwa wochokera ku nyanja ya Superior, zigoba za nkhono za ku Gulf of Mexico, mwala wakuda wonyezimira wa obsidian wochokera kutali ku Yellowstone. Ndiye kwa zaka zambiri ofukula ankangothamangira komweko, kukumba mulu, kutulutsa mphika wokongola, kuupatsa dzina ndi zaka, basi ntchito yatha. Funso loti kodi anthuwa madzulo ankadya chani, ankagona kuti, nyengo ya dzinja ankasamukira kuti, silinkafunsidwa kwenikweni.

Struever anali m'gulu la achinyamata a m'ma 1960 omwe anatengera maganizo a Lewis Binford, katswiri wina wofukula zakale, oti kufukula zakale kukhale sayansi yofunsa mmene anthu ankakhalira osati kungotolera katundu wa mu myuziyamu. Ndiye iye anati, dzenje limodzi silingakuuze zimenezo. Anthu osaka ndi otola zakudya sakhala malo amodzi, lero ali ku dambo kugwira nsomba, mwezi wina ali ku nkhalango kutola mtedza wa m'mitengo, manda awo ali pamwamba pa phiri. Ukakumba pamodzi waona tsamba limodzi lokha. Choncho chinthu choyenera kuchifufuza ndi chigwa chonse, mtsinje, madambo ake, timitsinje tothira mmenemo, mapiri a m'mbali, zonse pamodzi. Apa ndinene chilungamo, siyeyo anayamba kuyang'ana chigwa chathunthu, Gordon Willey anali atachita kale zofanana ku chigwa cha Virú ku Peru mu 1946. Chomwe Struever anawonjezera ndi kukhazikika, osabwera chaka chimodzi n'kumapita, koma kumanga bungwe loti likhale pa chigwa chomwecho zaka makumimakumi.

Tibwerere ku bafa lija. Njira imeneyi pachingerezi amati flotation, ndipo mfundo yake ndi yosavuta, chinthu chopserera chimapepuka ndiye chimayandama pomwe dothi ndi miyala zimamira. Struever anaigwiritsa ntchito kwambiri pamalo otchedwa Apple Creek, atalangizidwa ndi katswiri wa zomera Hugh Cutler, ndipo mu 1968 analemba mmene amachitira mu magazini ya akatswiri ya American Antiquity. Panalinso gawo lachiwiri, zomwe awola zija ankaziviika mu mankhwala a zinc chloride kuti makala ndi mbewu zisiyane ndi timafupa. Mwadzidzidzi dothi lomwe kale ankangolitaya ndi fosholo linayamba kutulutsa minga ya nsomba, mamba, zikhokho za mtedza wa hickory, ndi njere zing'onozing'ono zoti ndi maso simungazione m'dothi.

Mukufuna umboni woti njirayi inali yamphamvu? Tipite ku Iran kaye pang'ono. Frank Hole ndi Kent Flannery atakumba malo otchedwa Ali Kosh mu 1961 analemba kuti zotsalira za zomera n'zosowa. Atabwerera mu 1963 n'kuyesa kuyandamitsa dothi m'madzi anapeza mbewu zopitirira 40,000. Malo omwewo, anthu omwewo, changosintha ndi kasefedwe.

Ndiye kunabwera Koster. Uwu unali munda wa chimanga wa Theodore ndi Mary Koster m'boma la Greene, ndipo timu ya Struever inayamba kukumbapo mu 1969 mpaka cha m'ma 1978. Mundawu uli m'munsi mwa phiri, ndiye mvula ikagwa dothi limakokoloka kuchokera kumtunda n'kukwirira zomwe zili pansi. Anthu akakhalapo n'kuchoka, dothi limabwera kuphimba, patapita zaka mahandiredi ena abwera amanga pamwamba, dothi laphimbanso, ngati mabulangete oyalidwa limodzi pamwamba pa linzake. Dzenje linatsika mamita pafupifupi 10, ndipo mukamatsika pa makwerero mukudutsa zaka masauzande, mzere wakuda wa makala ndi phulusa apa, dothi loyera lopanda kanthu apa, mzere wina wakuda pansi pake. Kwa wofukula zakale malo otere ndi mwayi waukulu chifukwa mibadwo siinasakanikirane.

Koma pano ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse, chifukwa anthu ambiri akamakamba za Koster amangokamba kuya kwa dzenje. Munthu mmodzi sangawerenge zonse zotuluka m'dzenje lotere. Mbewu zikufuna wodziwa zomera, ndipo David ndi Nancy Asch anathera zaka zambiri pa maikulosikopu akuzindikira njere imodziimodzi. Dothi ndi mayendedwe akale a mtsinje zikufuna wodziwa nthaka, Karl Butzer anagwirapo ntchito imeneyo. Mafupa a anthu anali m'manja mwa Jane Buikstra, amene mu 1977 anakhazikitsa dzina loti bioarchaeology ku America, kuwerenga matenda, zakudya ndi ubale wa anthu kuchokera m'mafupa awo, ndipo iyeyo pambuyo pake anadzatsogolera bungwe la Struever lija. James Brown wa ku Northwestern anathandiza kuyendetsa Koster. Nyumba zakale za ku Kampsville zinasanduka malabu, iyi ya zomera, iyo ya mafupa a nyama, ina ya miyala, ndipo anthuwa ankaonana tsiku ndi tsiku, wa mbewu akapeza chachilendo amangowoloka msewu kukafunsa wa nthaka.

Zotsatira zake? Zinaoneka kuti anthu a m'chigwachi anayamba kukhazikika malo amodzi kalekale chimanga chisanafike, chifukwa madambo osefukira a mtsinje ankapereka nsomba ndi abakha zambiri, nkhalango n'kumapereka mtedza ndi agwape. Ndipo anali ndi ulimi wawowawo, mpendadzuwa, maungu, ndi timbewu tomwe lero anthu amationa ngati udzu wachabe, monga goosefoot yemwe ndi wachibale wa quinoa, mbewu yodyedwa ya ku South America, komanso chomera china chotchedwa marsh elder. Chimanga chinadzakhala chakudya chachikulu mochedwa, zaka pafupifupi 1,000 zapitazo. Umboni wa ku Illinois unathandiza kwambiri kuti kum'mawa kwa North America kudziwike ngati amodzi mwa malo omwe ulimi unayamba pawokha.

Ndalama nanga? Apa mkuluyu anali wochenjera. Sanangodikira thandizo la boma, ankayenda kukalankhula kwa anthu olemera ndi makampani, ankalola alendo kudzaonerera dzenje la Koster, ana a sekondale ndi akuluakulu wamba ankabwera kudzaphunzira kukumba. Ine ndimaona kuti luso lake lalikulu linali limeneli, losonkhanitsa anthu ndi ndalama, kuposa la kukumba kwenikweniko. Bungwe lake lero limatchedwa Center for American Archeology ndipo likadali ku Kampsville, komanso mu 1983 anathandiza kuyambitsa lina lofanana nalo, Crow Canyon Archaeological Center, ku Colorado.

Pali mbali ina yosati n'kuilumpha. Manda ambiri omwe ankafukulidwa nthawi imeneyo ndi a makolo a anthu a mitundu ya Native American, eni nthaka a ku America, omwe alipo mpaka lero, ndipo m'zaka zimenezo kawirikawiri sankafunsidwa. Mu 1990 America inakhazikitsa lamulo la NAGPRA lomwe limakakamiza mamyuziyamu ndi mayunivesite olandira ndalama za boma kukambirana ndi mitunduyo ndi kubweza mafupa a makolo awo, ndiye ofukula a masiku ano amagwira ntchito mosiyana kwambiri pa nkhani ya maliro.

Zomwe anakumba m'ma 1970 zija zikugwirabe ntchito, poti zinasungidwa bwino ndi kulembedwa kuti chilichonse chinachokera pa mzere uti. Pansi pa Koster anapeza agalu oikidwa m'manda mwadala, aliyense m'kadzenje kake. Mu 2019 Angela Perri ndi anzake anayezanso mafupawo ndi njira ya radiocarbon, yoyezera zaka za zinthu zomwe zinali zamoyo, n'kupeza kuti agaluwo ali ndi zaka pafupifupi 10,000, kutanthauza kuti ali m'gulu la agalu akale kwambiri odziwika ku America konse.