Bere lokonzedwanso ndi implanti: zimene limachita m'miyezi yoyamba ndi m'zaka zotsatira

Zikomo amayi ndi abambo chifukwa chobwera. Ndaona kuti ena mwabwera ndi amuna anu, mwachita bwino, chifukwa nkhaniyi ikuwakhudza iwonso. Kumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Tikukamba za mayi amene wachotsedwa bere chifukwa cha khansa, madokotala n'kumuika implanti, kathumba kodzaza ndi silikoni kapena madzi amchere, kuti pachifuwa pakhalenso pooneka bere. Ena amawaikiratu tsiku la opaleshoni lomwelo. Ena amayamba awaika kathumba kofutukula khungu, n'kumakathira madzi pang'onopang'ono kwa milungu ingapo, kenako opaleshoni yachiwiri ndiye yoika implanti yeniyeniyo.

Tsiku lomasula bandeji koyamba, mukadziyang'ana pagalasi mtima ukhoza kungoti myuu. Bere limakhala lotupa, lolimba, lokwera m'mwamba kuposa linzake, khungu litabiriwira mwina ndi mwina. Musataye mtima, si mmene lidzakhalire. Kutupa kumaphwa pang'onopang'ono, ndipo implanti imatsika n'kukhazikika pakapita miyezi 3 mpaka 6, makamaka ngati anaiika kunsi kwa mnofu wa pachifuwa, chifukwa mnofuwo umayamba wakungika kenako n'kumasuka. Chipsera ndiye chimachedwa zedi. Chimayamba chofiira kapena chodera, chotukuka, ndipo chimatenga chaka kapena kupitirira kuti chifewe n'kuzirala.

Potuluka m'chipatala mumapita kunyumba ndi kachubu kochotsa madzi a m'bala, kamene kamakhala mlungu umodzi kapena iwiri, nthawi zina kupitirira. Muzilemba kuchuluka kwa madziwo tsiku lililonse, chifukwa dokotala amayang'ana pamenepo. Kawirikawiri amakachotsa akatsika kufika pa mamililita pafupifupi 30 patsiku. Zolemera musanyamule kwa milungu 4 mpaka 6, ngakhale mwana amene. Abambo, pamenepo ntchito ndi yanu. Koma mkono musaugoneke. Masewera olimbitsa phewa amene akuphunzitseniwo muzichita, makamaka ngati anachotsako anabere a m'khwapa.

Tsopano chimene anthu ambiri sauzidwa mokwanira ndi dzanzi. Pochotsa bere, mitsempha yothandiza khungu kumva imaduka nawo. Ndiye mukhoza kuligwira bere lija, dzanja likumva koma berelo osamva kanthu. Limathanso kuzizira kuposa thupi lonse, chifukwa silikoni ilibe magazi. Ena kumva kumabwerera pang'ono m'mbali, mwina ndi timaululu tolasa tongobwera n'kupita, koma ambiri sikubwerera monga kale. Ngozi yake ndi iyi: mayi amaika botolo la madzi otentha pachifuwa kuti ululu uchepe, n'kugona, khungu n'kupsa iye osadziwa. Khungu limenelo ndi lopyapyala kale, likapsa implanti ikhoza kuonekera, mapeto ake n'kuichotsa. Chonde, chotentha chilichonse chisafike pamenepo. Ndipo abambo, mkazi wanu akakuuzani kuti sakumva mukamugwira, sikuti wakutayani ayi, ndi mitsempha.

Mayi apa afunsa ngati mabere awiriwa adzafanane. Mutavala bra ndi chovala, inde, ambiri sangazindikire. Mutavula, kusiyana kumakhalapo, ndipo ndi bwino kudziwiratu. Bere lachibadwa limagwa ndi zaka, limakula mukanenepa, limachepa mukaonda, limayedzamira pambali mukagona chagada. La implanti limangokhala pomwepo, lozungulira. Ena amaona timakwinya kumtunda kwake chifukwa palibenso mafuta okwirira kathumbako, ndipo dokotala angathe kutenga mafuta pamimba kapena pantchafu n'kuwaika pamenepo. Amene implanti ili kunsi kwa mnofu amaona bere likudumpha akamakankha chitseko kapena kunyamula kanthu. Zimadabwitsa, koma si matenda. Za nsonga ya bere, ngati anaichotsa, amaikonza pambuyo pake bere litakhazikika, mwina ndi kaopaleshoni kakang'ono, mwina kungoijambula ndi tatuu.

Thupi limapanga kachikopa kozungulira implanti, ndipo zimenezo zimachitikira aliyense. Vuto limabwera kachikopako kakayamba kukhwima n'kumafinya, bere n'kulimba ngati mpira, kukwera m'mwamba, mwinanso kupweteka. Amene alandira radiotherapy, chithandizo chowotcha khansa ndi cheza champhamvu, ndi amene zimawachitikira kwambiri, n'chifukwa chake nkhani ya radiotherapy muyenera kukambirana ndi dokotala opaleshoni isanachitike.

Pali kusintha kwina kosafunika kudikira tsiku limene anakupatsani. Bere likafiira n'kumatentha, thupi likatentha, bala likamatuluka mafinya kapena kutseguka, khungu likayamba kuda, mbali imodzi ikatupa mwadzidzidzi, thamangani kuchipatala tsiku lomwelo. Kutupa kwa mwendo kapena kubanika, chimodzimodzi.

Implanti si ya moyo wonse. Ikhoza kukhala zaka 10 kapena kuposa, koma ambiri amadzachitidwanso opaleshoni ina. Ya madzi amchere ikaphulika mumadziwa, bere limaphwa. Ya silikoni imatha kung'ambika mwakachetechete, ndiye bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, limalangiza kujambulitsa ndi ultrasound kapena MRI pakapita zaka 5 kapena 6, kenako zaka 2 kapena 3 zilizonse. Mu 2019 kampani ya Allergan inachotsa pamsika maimplanti ake a khungu lokhakhala chifukwa cha khansa ina yosowa yotchedwa BIA-ALCL, imene kawirikawiri imayamba ndi kutupa kwa bere patapita zaka. Choncho mufunse kuti akuikani mtundu wanji, ndipo kakhadi kolemba dzina ndi nambala ya implanti yanu mukasunge pamodzi ndi mapepala anu akuchipatala.

Bambo uko mwakweza dzanja kalekale, funsani.