Nyama yaiwisi kwa galu: timupatse choncho kapena tiphike kaye?

[Pakhonde. Pansi pali mbale ziwiri, galu wamangidwa chapatali.]

Muli bwanji nonse? Taonani mbale ziwirizi. Iyi muli mkute wa nsima ya madeya wothira msuzi. Inayi muli makosi a nkhuku, chiwindi ndi zipalapasiro, zonse zaziwisi, ndagula m'mawa uno mumsika wa Limbe. Ndikam'masula Bruno uyu, mukudziwa kale kumene athamangire. Koma chimene galu wathamangira si umboni woti ndicho chomuyenera, pajatu galu yemweyu amathamangiranso kudzala.

Masiku ano pa Facebook ndi TikTok pali anthu ambiri oweta agalu akuluakulu a mtundu wa Boerboel ndi German Shepherd amene akuti galu asamadye chophika ayi. Maganizowa anatchuka mu 1993 kudzera mwa dokotala wa ziweto wa ku Australia, Ian Billinghurst, ndipo kadyetsedweko amakatcha BARF. Mfundo yawo ndi yakuti makolo a galu ndi mimbulu ya kumaiko ozizira, ndipo mmbulu suyatsa mbaula. Ena amawerengera chonchi: pa magawo 100 a chakudya, 80 akhale mnofu, 10 mafupa aawisi, 10 zam'kati.

Mfundoyo ili ndi chibowo. Mu 2013, akatswiri a pa yunivesite ya Uppsala ku Sweden anayerekeza chibadwa cha agalu ndi cha mimbulu. Anapeza kuti kachidutswa ka chibadwa kothandiza kugaya zakudya za ufa, kotchedwa AMY2B, mmbulu uli nato tiwiri tokha, pomwe galu amakhala nato kuyambira 4 mpaka 30. Zaka zikwizikwi zimene galu wakhala akudya makombo a munthu zinam'sintha m'mimba. Ndiye agogo anu amene ankaponyera galu mbamu ya nsima sankalakwitsa. Nsima amagaya bwinobwino.

Pamene anthu a zaziwisi akunena zoona ndi apa: madeya okhaokha sakwanira. Galu wa madeya mumam'dziwira patali, nthiti pamtunda, ubweya wothothoka, kuuwa kwake kosamveka ngakhale kuseri kwa mpanda. Mukayamba kum'patsa nyama, pakangotha masabata ochepa amasalala, mwini wake n'kumati, "Mwaona mphamvu ya nyama yaiwisi?" Ayi bwana, imeneyo ndi mphamvu ya nyama basi. Mukanaphika akanasalalabe.

[Kamera iyandikire chiwindi. Chala chiloze.]

Tsopano tikhazikike pa chinthu chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ine. Munaonapo popha mbuzi kapena ng'ombe, pachiwindi kapena pamapapo pali kachotupa koyera kodzaza madzi? Wopha uja amangodula pamenepo n'kuponyera galu amene wakhala akudikira pambali. Tina mwa tizotupa timeneto muli ana a njoka yam'mimba yotchedwa Echinococcus. Galu akameza, njokazo zimakulira m'matumbo mwake, zazing'ono kwambiri moti simungazione, ndipo iye sadwala n'komwe. Koma mazira ake amatuluka ndi chimbudzi, n'kumamatira ku ubweya, pa dothi, pa masamba a mpiru kuseri kwa nyumba. Mwana wanu wasisita galu, watenga chigumu osasamba m'manja, mazira alowa. Mwa munthu samasanduka njoka ayi, amasanduka chotupa chamadzi chomwe chija, m'chiwindi kapena m'mapapo, chimene chimakula mwakachetechete kwa zaka zambiri, ndipo nthawi zina chimafuna opaleshoni. Mutu wa mbuzi wauwisi nawonso uli ndi njoka yakeyake, ija imachititsa mbuzi kumangozungulira malo amodzi. Madzi owira amathetsa zonsezi.

Kenako pali mabakiteriya, Salmonella ndi Campylobacter, amene amakonda kwambiri nkhuku yaiwisi. Galu wamkulu wathanzi amatha kuwanyamula osadwala, koma amawamwaza: m'mbale yake, pakhonde pamene khanda likukwawa, ndi lilime lija amakunyambitani nalo. N'chifukwa chake bungwe la madokotala a ziweto la ku America, AVMA, linanena poyera mu 2012 kuti silikulimbikitsa kudyetsa agalu ndi amphaka nyama yaiwisi. Ndipo kumbukirani kuti anthu mukuwaonera pa foniwo nyama yawo imachoka mufiriji n'kulowa mufiriji ina. Yathu imakhala pabenchi kuyambira m'mawa, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, ntchentche zikusinthana. Mwafika nayo ku Chirimba kapena ku Bangwe mwapeza magetsi azima. Ngakhale atayaka, kuumitsa nyama mufiriji sikupha Salmonella, kumangomugoneka tulo.

Za nkhuku yofa yokha ndi chitopa kapena chiweto chimene simukudziwa chachipha, sindichedwapo. Kumbani dzenje lakuya, kwirirani.

[Akhale pampando, atenge foni ngati akuwerengera.]

Tiwerengereko thumba. Odyetsa zaziwisi amati galu adye magawo 2 kapena 3 pa 100 alionse a kulemera kwake tsiku lililonse. Galu wa makilogalamu 20, ndiye kuti pafupifupi theka la kilogalamu patsiku, makilogalamu 15 pamwezi. Funsani kubutchala mtengo wa kilogalamu imodzi, muchulukitse nokha. Ambiri amayamba ndi moto, pakati pa mwezi n'kutsala ndi utuchi wa nyama uja amati sawdust, kapena mnofu wokhawokha wopanda fupa.

Mnofu wokhawokhawo ndi msampha, makamaka kwa ana agalu. Pali michere iwiri yomanga mafupa, phosphorus ndi calcium: nyama ili ndi phosphorus wambiri koma calcium wochepa zedi, pomwe galu amafuna ziwirizi pafupifupi mofanana. Calcium akasowa, thupi limakamutenga m'mafupa. Kamwana ka Boerboel kamene munakagula ndi ndalama zambiri kamayamba kupindika miyendo, kutsimphina, mwina kuthyoka popanda kugwa. Chiwindi nacho chikachuluka tsiku ndi tsiku chimaononga mafupa chifukwa cha vitamini A wopitirira muyeso. Nsomba zina zaziwisi zimapha vitamini B1 m'thupi, koma zikaphikidwa vutolo limatha.

[Pambaula, poto akuwira.]

Ine ndimachita chonchi. Zam'kati, mitu, makosi, ndimawiritsa mpaka zitapsa ndithu, osathira mchere, osathira anyezi kapena adyo. Anyezi amaononga magazi a galu ngakhale ataphikidwa, ndiye msuzi wotsala wa ndiwo zanu muuchepetse. Zikapsa ndimachotsa mafupa onse, chifukwa fupa lophika, makamaka la nkhuku, limasweka mosongoka ndipo lingathe kuboola matumbo. M'msuzi momwemo ndimaphikamo mgaiwa, n'kuponyamo dzungu kapena masamba pang'ono, tsiku lina bonya, tsiku lina dzira. Calcium ndimam'tenga ku zikamba za mazira: kuziwiritsa, kuziyanika, kuzisinja mpaka zikhale ufa, theka la supuni ya tiyi pa theka la kilogalamu ya nyama. Ngati ndi kamwana ka mtundu waukulu, muyeso wake mukafunse kwa dokotala wa ziweto, musayerekeze kungoganizira.

Mukapitako, mum'patsenso mankhwala a njoka okhala ndi praziquantel, miyezi itatu iliyonse. Ndipo katemera wa chiwewe musaphonye. Muno mu Blantyre tinaona mu 2015 a bungwe lolimbana ndi chiwewe la Mission Rabies akubaya katemera agalu oposa 35,000 m'masiku 20 okha, ndiye chonamizira palibe.

Ngati mwatsimikizabe mtima kuti inu ndi zaziwisi basi, nyumba ndi yanu. Koma mpeni ndi thabwa la galu zikhale zakezake, mbale itsukidwe ndi madzi otentha akangotha kudya, ndipo ngati pakhomo pali khanda, mayi woyembekezera, agogo kapena wina amene chitetezo cha m'thupi chinatsika, ine ndingati musiyiretu.

[Athire makosi ndi chiwindi chija mupoto, avundikire. Galu alire.]

Dikira Bruno, zipse kaye. Zikatero zizizire, iwe ndi uja umameza osapuma.